Bowo la Singano

Anandiuza ku chipatala cha Ngabu,
namwino Alfazema akugogoda kapepala ndi cholembera:
"Bambo Khembo, shuga wakwera.
Tiyi wa masupuni asanu uja aiwalike,
ndipo muziyenda m'mawa."
Ndinaseka chamumtima.
Ine, wobadwira m'fungo la mzimbe wowotchedwa,
wokula ndikutola yogwa m'mathirakitala a ku Nchalo,
lero ndiziopa shuga ngati ng'ona?

Komabe mantha anabwera usiku,
nandiyendetsa milungu itatu.
Mantha ali ngati madzi a mu Nyakamba:
lero adzaza, akokolola mbuzi,
mkuja ana akusewera mpira pamchenga.

Kenako kunabwera a bungwe ndi malaya obiriwira,
likhweru, ndi kaundula wa mayina.
Tinali makumi atatu, tikuimba mumsewu.
Sopo atatha tinatsala asanu ndi mmodzi,
malaya atasuluka tinatsala awiri,
mpaka Jusa anati bondo lamugwira.

Esinta anabisa shuga m'chitini cha nyemba.
Ndinamupeza tsiku lomwelo.
Mkazi angalonde chitseko,
koma mbala inali kugona m'kamwa mwangamu.

Chinandigwira si chimenecho ayi.

Linali masana a Okutobala,
dzuwa lija loti ngakhale mbuzi imapempha mthunzi,
kamtsikana kataima pakhonde la shopu
ndi yunifomu yong'ambika m'khwapa.
Ndinanyowetsa ulusi ndi malovu.
Unakana.
Ndinauluma, ndinaupota, ndinasendera kowala.
Bowo linasanduka awiri, onse akusambira.
Kasanu konse.
Mwana uja anatenga ulusi m'zala zanga,
kulowetsa kamodzi n'kamodzi,
n'kubwerera pamalo pake, maso pansi,
monga amachitira ana olemekeza nkhalamba.

Zaka makumi atatu ndi zinayi pa makina awa.
Ndasoka madiresi a ukwati, nsalu za maliro,
ndaphatika zigamba pa matumba a thonje,
ndipo palibe anandilowetserapo ulusi.

Usiku umenewo sindinaganize za manda,
kapena za mwendo wa Zuze umene anaudula ku Blantyre.
Ndinangomva kanthu kakang'ono, kouma mutu,
kakunena pansi pa nthiti:
ulusi wanga ndizilowetsa ndekha.

N'komweko kamene kamandidzutsa folo koloko,
kunja kusanayambe kuwotcha.
Ndimadutsa pa msika wa thonje uli zii,
pa dibi la ng'ombe, pa mlambe wong'aluka,
agalu a kwa Fatchi anatopa nane, sauwanso.
Palibe woitana mayina. Palibe likhweru.
Fumbi lokha ndilo limasunga mapazi anga,
mphepo n'kufufuta isanakwane seveni.

Ndisanamize anthu.
Pa maliro a mlamu wanga ku Bangula
ndinamwa mabotolo awiri a zotsekemera.
Lachiwiri lapitali ndinadya mandasi kuseri kwa shopu
ngati mwana wakuba chiponde.
Mvula ikagwa, matope akamata nsapato,
mphasa imandinyengerera ndi mawu okoma.
Masiku ena imapambana.
Koma msoko ukakhota sutaya nsalu:
umasula, n'kuyambanso pamene unaphonya.

Tsopano ndikudziwa kuti tiyi ali ndi kukoma kwakekwake,
kowawira patali, ngati khungwa.
Therere ndi mlamba wowamba zandizolowera.
Lamba ndamuboola kawiri ndi msomali.
Esinta shuga amangomusiya pa tebulo,
ndipo timayang'anana, ine ndi chitini,
ngati anthu amene anasiyana ukwati mwamtendere.

Ndikatsegula shopu, ndisanapukute fumbi,
ndimakweza singano kuloza kukhomo
kumene kuwala kumalowera.
Mwina ulusi umalowa ulendo woyamba,
mwina wachitatu.
Palibe woomba m'manja.
Njinga za kabaza zikungodutsa,
wina akutsatsa masau kutsidya kwa msewu.
Ndimakoka ulusi, n'kuponda.