Makiyi Olendewera ku Leeds

Tinalowa chifukwa pakhomo salipiritsa
ndipo panja mphepo inkaluma makutu.
Ndisaname, sindinapitire zaluso.
Ndinali ndi maola asanu
shifiti ya usiku isanandimeze,
ndiye Ndaziona anati, Amayi, tiyeni,
mungokhalira kuyang'anizana ndi hita mpaka liti?

Chipinda choyamba: chinsalu choyera mbee,
kadontho kofiira pakona
ngati udzudzu wophedwera pakhoma la eni ake.
Ndinafunafuna mtengo wake, sanalembe.
Mwana anandigwira chigongono,
musaseke mokweza.
Ndinasekera m'mphuno.
Mlonda wa juzi yobiriwira anandiona,
nayenso milomo inamuyabwa.

Chachiwiri chinali cha mdima.
Pakhoma, mayi wina wamkulu ngati nyumba
ankasenda nachesi pang'onopang'ono,
mphindi khumi ndi ziwiri, nachesi limodzi.
Ndinakhala pabenchi kuti mapazi apume basi.
Koma zala zakezo zinali ndi ming'alu ya sopo
ngati zangazi,
ndipo palibe amene ankamufulumizitsa,
palibe belu la m'chipinda nambala naini.
Anadya gawo lomaliza, nanyambita chala,
kenako khungu linabwerera pachipatso
n'kuyambiranso.
Ndinaonera kawiri.

Koma chachitatu.
Makiyi, mazanamazana,
atamangidwa ku ulusi kuchokera kudenga,
ena adzimbiri, ena ongochoka kumene kwa mmisiri.
Ukadutsa amagundana motsitsa
ngati masupuni m'makapu a nyumba yoyandikana.
Ndaziona anawerenga kapepala:
akuti ndi a zitseko zimene eni ake sadzatsegulanso.

Dzanja linapita lokha m'chikwama,
m'kathumba ka zipi yothyoka
momwe mumagona kiyi wa ku Zingwangwa,
wa nyumba imene tinagulitsa
zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.
Loko anasintha kalekale, ndikudziwa.
Mwina ndi chitseko chomwe.
Ndinamufinya mpaka mano ake anadinda chikhatho.
Mwana sindinamuonetse.
Anali kalikiliki kujambula denga ndi foni.

Potuluka, folo koloko, kunja kwada bii.
Kuno dzuwa la Disembala limagwira ganyu ya theka la tsiku.
Mu Briggate monse nyali zili lende,
madoda asanu a zipewa zaubweya akuliza malipenga,
limodzi likutsalira m'mbuyo
ngati mwana wamng'ono pamzere wa kusukulu.

Tinagula mtedza wawo ukuluukulu uja
wootcha pambaula, m'kathumba ka pepala.
Mapaundi anayi!
Mutu unayamba kuwasandutsa makwacha,
ndinauuza kuti lero ukhale pansi.
Unkakoma ngati mbatata yomwe inaiwala kwawo.
Unatifunditsa manja usanatifunditse m'mimba.

Chokoleti chotentha, kapu imodzi, milomo iwiri.
Thovu linatsala pamphuno pa Ndaziona
ndipo ndinamusiya ayende nalo msewu wonse.
Pashopu ya zakale ndinapeza masokosi
a timbalame tovala masikafu,
ndinagulira a Hargreaves a nambala naini aja,
amene amanditukwana akazizidwa mapazi
n'kupepesa m'mawa ndi bisiketi yobisa pansi pa pilo.
Pakona, manachesi asanu paundi imodzi.
Sindinanenerere.

Basi ya pamwamba, mpando wakutsogolo,
pomwe umaona ngati ukuyendetsa ndiwe.
Galasi lonse nthunzi yokhayokha, loyera mbee.
Ndaziona anadinda chala pakona,
kadontho kamodzi,
n'kundiyang'ana ndi nkhope ya munthu wamalonda:
Amayi, mupereka zingati?

Tinaseka mpaka bambo wa kumbuyo anatsokomola.

Ndinatulutsa nachesi.
Ndinalowetsa chikhadabo pamchombo pake
n'kuyamba kusenda mosathamanga,
khungu likuzungulira osaduka,
fungo likukwera basi yonse.
Kwatsala masiteji asanu ndi limodzi,
yunifolomu ikundidikira pampando kunyumba,
kiyi ali chete m'kathumba kake.
Gawo ili la mwana.
Ili langa.