Liwu la pa Pepala la Apolisi

Wapolisi wa pa Kamwendo analemba ndi bolopeni yotha inki,
kuigwedeza, kulembanso,
nkundipatsa pepala kuti ndipinde ndekha.
Pansi pa dzina la mlongo wanga Dafuleni
panagona liwu lalitali ngati njanji:
whereabouts.

Ndinapita nalo kwa Tiyese, wanga wa folomu yachitatu uja.
Anatsegula dikishonale yothothoka chikuto,
chala chikutsetsereka ndi tsamba.
Akuti ndi komwe munthu ali, amayi,
koma osati ndendende,
osati nambala ya nyumba kapena bokosi la ku positi.
Ndi cha uko, chakumeneko,
monga muja mumalozera ndi mlomo
manja ali mu mtondo.

Nanga chilembo chakumapetochi, chopindika ngati njoka?
Akuti chimachititsa ngati malowo ndi ambiri,
koma musadabwe, eni ake analiumba choncho.

Sindinadabwe ine.
Malowo ngambiridi.
Wakabaza wina anamuona ku Chipata
akusenza matumba a feteleza.
Mayi wogulitsa mtedza akulumbira pali malemu bambo ake
kuti Lachiwiri anali pa Mkanda, atameta mpala.
Ena akuti ali pa esiteti ku Kasungu,
akusoka fodya m'chigafa, dzina anasintha.
Munthu mmodzi, miyendo iwiri yokha,
koma wamwazika ngati mapira otayikira pamsewu.

"Uli kuti?" timafunsa mwini wake,
iye nkuyankha, ndili pa chigayo, ndikubwera.
Ili ayi.
Ili salitchulira munthu amene wakhala pakhonde akusenda chinangwa.
Limadzuka foni ikazima sabata zitatu,
limafunsidwa kwa anthu ena,
pa kauntala, pa chipata cha m'malire,
mwini dzina palibe.

Tiyese anati pali linzake pambali pake, lalifupi,
ndikuwerengereni?
Ndinamulanda pepalalo.
Nkhope ya wapolisi inali itandiwerengera kale.

Ndalisomeka kudenga, pamene timabisa makadi a kusikelo.
Njinga yake ikadali yotsamira nkhokwe,
matayala onse awiri aphwa.
Mbuzi zake ndikumangirira ndine,
ndipo yaikazi ija yaswa awiri dzana.
Akabwera adzatchule yekha
malo amodzi,
ndi Chichewa.