Wilibala ya Kumwezi

Magetsi anathima dzuwa lisanalowe.
Kanyama yense anangotsala makandulo ndi agalu,
mwezi n'kukwera pamwamba pa malata a kwa Sakala
ngati mbale yachitsulo yosupuka m'mphepete.

Gelesomu anabwera ndi foni yake yong'aluka galasi.
Amayi, taonani.
Kunja uko kuli makampani, osati boma ayi,
amalonda chabe, angongole zawo ngati ife,
akusula kagalimoto kopanda dalaivala
koti kakatere pamwezi.
Kukatani?
Kukatola miyala.

Ndinaseka mpaka fumbi la m'chifuwa linadzuka.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ndakhala chotambalala m'mbali mwa msewu wa Mumbwa,
nyundo kumanja, kamphira ka tayala kumanzere.
Woyera uja umalira usanasweke.
Wotuwa ndi wamakani, umafuna uupeze mtsempha.
Theka la mipanda ya ku Makeni
linadutsa pakati pa miyendo yanga,
koma palibe anandiombera m'manja.
Pafonipo, anthu ovala malaya ofanana
akukumbatirana, ena misozi mbwembwembwe,
kamba koti mawilo azungulira kamodzi.

Ndinati bweretsa pafupi ndikaone.
Mawilo asanu ndi limodzi. Khosi lalitali ngati kakowa.
Dzanja limodzi lokha,
monga anabwerera Bambo Njobvu kuchokera kumigodi.
M'mimba mwake mawaya okhaokha.
Kaya mkuwa umenewo sunadutse pompano usiku,
pa thiraki ija inatiwaza matope
ine ndi Zelipa tikuweruka?

Zina zimafika bwino, akutero mwanayu,
zina zimathyoka mwendo potera
n'kugona chammbali, maso ali kudziko.
Apo ndinaleka kuseka.
Tsiku lomwe wilibala inandigwetsera m'ngalande
Zelipa anataya nyundo, nathamanga,
chitenje chili m'manja.
Nanga uko?
Kopanda ngakhale mwana wodutsa wopita kukagula mafuta,
kopanda wonena pepani.

Ndipo usiku wa kumeneko, akuti, ndi masabata awiri.
Ndinati basi, a Zesco anafikako kale.

Koma funso linandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba.
Mwala ukatoledwa, ndi wa yani?
Paja timakumba kale panalibe mwini.
Kunabwera munthu ndi tepi yoyezera,
kenako zikhomo, kenako waya,
lero pali geti ndi mlonda wosadziwa dzina langa.
Zimayamba choncho, ndi kanthu kakang'ono koyendayenda,
kongoyeza.
Nyale iyi ndi yokhayo m'Lusaka muno
yosafuna mayunitsi.
Pansi pake ndachapa mayunifomu,
ndawerenga makwacha a tsiku,
ndasambitsa maliro a mchemwali wanga.
Asadzatiuze kuti mbali yakumanzereyo ndi puloti.

Foni inaphethira, n'kufa.

Gelesomu sanalowe m'nyumba.
Anagadabuza wilibala yanga pabwalo,
akupukusa gudumu lake lolira ngati nkhanga.
Akuti ku Soweto anaona kamota ka mawaipa,
akapeza batire ndi tcheni cha njinga
idzayenda yokha mpaka kumsewu,
ine pambuyo manja m'chiuno ngati bwana.
Masamu anakhoza, mwana uyu.
Ya koleji ndiyo inatsala m'miyala
imene sindinaphwanyebe.

Ndinati gona, lole ya a Mwanza ifika sikisi,
afuna mawilibala khumi a timiyala ting'onoting'ono.
Sanamve. Sipanala ili kukamwa,
mthunzi wake wautali pakhoma la chimbudzi.

Ndinapaka mafuta m'ming'alu ya zala
n'kuyang'ananso kumwamba, nthawi yaitali,
kufuna kuona ngati penapake pakufuka kafumbi.
Ngati uliko, mnzanga wa dzanja limodzi,
usamenye pakati.
Utembenuze kaye. Upeze mtsempha.