Nkhululu ya M'khutu

Oyamba kundithawa anali atimba,
aja ankachita msonkhano pampanda wathu ku Chilinde.
Ndinati mitengo yatha, mbalame zasamuka.
Kenako wailesi inayamba kuyankhula
ngati yavwira mbatata yamoto,
ndipo ndinakaikalipira wokonza kawiri.

Zaka makumi awiri ndi zitatu pachigayo kwa Biwi,
ine kudyetsa chitsulo chimanga,
chitsulo kundidya makutu mwakachetechete
monga achitira nankafumbwe:
thumba lili chilili,
m'kati mwatsala fumbi.

Chomwe ndinkamva bwino ndi nkhululu imodzi,
yosatopa, yosalipira lendi,
yomwe inamanga nyumba m'khutu lakumanzere.

Nambewe ankati ndayamba mwano.
Ana ankati ababa amamva zomwe afuna.
Ndinaphunzira kugwedeza mutu,
kuseka anzanga akaseka,
kuyankha eya pofunika ayi.

Tsiku lina Mwatitha anaima kumbuyo kwanga
ndikutsuka mapazi pampopi.
Akuti ananena katatu:
Ababa, ndakhoza mayeso.
Ine ndinapitiriza kukhula chidendene ndi mwala.
Potembenuka ndinangoona msana wake
ukulowa m'nyumba, mapewa akunjenjemera.

Lolemba ndinakwera minibasi ya ku Central.

Kachipinda kake kopanda zenera,
zovala kumakutu ngati woulutsa mawu.
Mayi Chirambo anati, mukamva kulira kwezani dzanja.
Ndinadikira.
Ndinaona chala chawo chikudina, chikudina,
dzanja langa lili phee pabondo
ngati la munthu wina.
Papepala anajambula mzere wotsetsereka
ngati msewu wotsikira pamlatho wa Lilongwe.

Anandiyang'ana m'maso, milomo poyera:
Zomwe zinapita sizibwerera, bambo Dzoole,
koma zotsalazi tizisunge.
Machesi ayi, nthenga ya nkhuku ayi,
mafuta a kwa anansi ayi.
Simunalodzedwe. Ndi phokoso.

Ndinalira pang'ono, osati chifukwa cha makutu.
Ndinali nditamuganizira zoipa mlamu wanga.

Kachipangizo kake n'kochepa ngati nyemba,
kamabisala kuseri kwa khutu.
Tsiku loyamba m'depoti dziko linandigwera:
oitanira a Kawale, a Likuni, a Mchesi,
mahutala, njinga zamoto, mlaliki,
jumbo kukhwekhwereza ngati malata.
Ndinakavula, n'kukaponya m'thumba la malaya.
Mawa lake ndinakavala ola limodzi, pakhonde.
Mkuja maola awiri.
Khutu nalo limaphunzira ngati mwana woyamba sukulu.

Tsopano usiku kamagona m'kabotolo kouma,
kutali ndi chinyezi, kutali ndi mdzukulu.
Ndalama ya batire ili ndi chitini chake,
siyibwerekedwa ngakhale mchere utatha.

M'nyumba mwabadwa malamulo atsopano.
Osandiyankhula uli kukhitchini.
Ndikhudze phewa, ubwere kutsogolo,
nkhope iwale, wailesi ikhale chete.
Usakuwe, sindili kutsidya kwa mtsinje.
Ndikapanda kumva, nena mwa njira ina.
Kutchalitchi ndimakhala benchi yoyamba
pakati pa ana, mawondo ali m'chibwano.
Ndipo mawu aja ndinkawaopa,
tabwerezani, sindinamve,
ndimawanena mutu uli m'mwamba.

Lonjezo, mnyamata amene anatenga malo anga,
ndinamugulira totseka m'makutu.
Anaseka, ufa uli mbuu m'nsidze,
nati, adala, ine ndinazolowera.
Ndinati, inenso ndinkatero.
Sindikudziwa ngati amativala ndikachoka.

Nkhululu ija ikadalipo.
Tinagawana malire, timakhala.
Atimba nawo sanasamuke, ati,
ndimawamva patali, mawu awo ngati a m'chitini.

Dzulo Mwatitha anabwera ku holide.
Ndinamukhazika pampando, dzuwa likumuwomba kumaso,
ndinati, mawu aja a pampopi,
tanenanso.
Anaseka, nati ababa, n'zakale zimenezo.
Ndinati nena.
Ananena pang'onopang'ono.
Ndinamva onse atatu.