Mapepala a Mudzatopa

Ku ofesi ya ziweto anandipatsa fomu ya masamba anayi
ndi bolopeni yomangidwa pachingwe ngati mbuzi.
Dzina la chiweto. Ndinalemba: Mudzatopa.
Kalaliki anaseka, nati, "Amai, mukuuza ife?"
Iyayi mwanawe, anamutcha ndi malemu amuna anga
poyankha anansi a ku Kapata amene ankatinena
chaka chimene ntchito inawathera ku kampani ya thonje.
Madzulo ankaima pakhomo n'kuitana galu mokweza,
mzere wonse wa nyumba n'kumva.

Mtundu wa galu. Apo bolopeni inaima.
Make anali wa kumsika, kuseri kwa ogulitsa kapenta,
tate wake sitinamuone.
Tsiku lobadwa. Ndani amalembera galu tsiku?
Linali dzinja lija ntchemberezandonda zinatha chimanga.
Dokotala Mshanga anamuyasamitsa, nayang'ana mano,
namupatsa tsiku loyamba la Januwale,
lomwelo boma linapatsa amai anga pa reji yawo.

Katemera wa chiwewe analowa, iye osalira.
Kenaka kanthu kochepa ngati njere ya mpunga
anakabisa pansi pa chikopa, kumbuyo kwa khosi.
Makina akadutsapo amalira, manambala n'kutuluka.
Ine ndakalamba m'tauni muno, ndaphunzitsa ana a anthu,
palibe makina amene amandizindikira chotero.

Dikirani mwezi, anatero.
Kalata ya kumene mukupita ifike kaye,
ya kuno ikadindidwe ku Lusaka,
ya umoyo musaithamangire, imafota msanga ngati chibwabwa.
Ina ikamapsa, inzake yayamba kuwola.
Kanayi ndakwera njinga ya hayala kupita kumeneko,
envulopu pachifuwa, fumbi m'mano,
pamene pa Mwami agalu a m'malire
amadya ku Zambia n'kukagona ku Malawi
popanda wowafunsa chidindo.

Tionenji amaimba foni kuchokera ku Francistown:
"Amama, musiyeni kwa amalume ku Katete,
agalu kuno aliko, ndalama mukungotaya."
Ndimuuze bwanji mwana wanga
kuti belu la njinga likalira nthawi ya faifi
makutu awiri amaima pabwalo, mtima wanga n'kuima nawo?
Tatsala awiri amene timalakwitsabe chimodzimodzi.

Bokosi la paulendo anakhoma ndi Yobe.
Anabwera ndi tepi, nayeza kuyambira mphuno mpaka tsinde la mchira:
aime, atembenuke, agone, ndiwo malamulo ake.
Ndi Yobe yemweyo anakhoma bokosi lina lija.
Sanatchule, inenso sindinatchule.
Anangoti, "Ili ndaboola mabowo ambiri, apume bwino,"
nakana theka la ndalama.

Usiku woyamba Mudzatopa analiuwa.
Wachiwiri analikodzera pangodya.
Wachitatu ndinayalamo jekete lakale la bambo wake,
lija lothothoka mabatani, lonunkhabe girisi ndi fodya.
M'mawa ndinapeza mchira wokha uli kunja.

Lero mapepala ake akwana,
asanu ndi awiri, zidindo zofiirira, chithunzi atatseka diso limodzi.
Alibe nkhupakupa, alibe njoka za m'mimba,
boma lavomereza kuti ndi galu wabwino.
Kalata ya umoyo yayamba kale kuwerenga masiku ake.

Koma pasipoti yanga sinatuluke.
Pawindo anati makina avuta, mubwere sabata ya mawa,
mawu omwewo a sabata yatha.
Ndabwerera wapansi, kudutsa pa Saturday Market,
ndagula mafupa a faifi kwacha.
Wandiona ndili patali, wanyamuka m'bokosi mwake,
mlendo wokonzeka amene akudikira womunyamulira katundu.
Ndaima pageti, ndaitana mokweza monga ankachitira mwini wake,
mzere wonse wa nyumba wamva,
koma lero sindikudziwa amene ndikumuuza.