Mipata ya m'Kaundula

Pakhoma la chipatala chathu ku Domwe
ndinamatapo pepala la timabokosi.
Mwezi ukatha ndimaikapo kadontho
n'kulumikiza ndi pensulo yofiira.
Zaka zinayi mzerewo unangogona
ngati njoka yokhuta mbewa.
Chaka chino wadzutsa mutu.

A ku Tete akaimba foni amafuna nambala.
Ndimawapatsa: khumi ndi asanu ndi awiri.
Sindiwauza kuti wachitatu ndi Zeferino,
uja amandibera choko pawindo,
kuti wachisanu ndi chinayi sanamere ndi dzino lomwe,
kuti maso a Lusiyana amatidwa ndi manthongo
ndipo amake akuwapukuta ndi nsonga ya kapulana.
Pafomu palibe malo olembapo zimenezo.

Chikuku sichinagwe kumwamba ayi.
Ndinachiona chikubwera ndi maso angawa
m'kaundula wa chikuto chobiriwira.
Chaka chija Lifidzi anakokolola mlatho,
njinga yamoto ya a Donasiyano inabwerera pamtsinje,
bokosi la katemera likuchita thukuta kumbuyo.
Kenaka batire la firiji linafa usiku wa Lachisanu,
pofika Lolemba timabotolo tonse tinali totaya.
Miyezi itatu.
Masamba khumi ndi limodzi osachongedwa.
Ana aja sanatidikire:
anakwawa, anaimirira, anathamangitsa nkhuku,
anayamba kutchula mayina athu,
m'thupi mulibe mlonda.

Ena anabadwira ku Dedza, ena konkuno.
Mayi mmodzi, makhadi awiri,
lina la Chingerezi, lina la Chipwitikizi,
onse ananyowera m'thumba la kachewere
mpaka inki inasanduka mtambo.
Msilikali wa pa Kalomwe amafunsa chiphaso,
koma chifuwa sachifunsa kanthu.
Chimadutsa chili kumsana,
chikuyamwa chala,
tsiku la msika.

A Kampango anandiimitsa pachigayo:
jakisoni wanuyo akuti amatseka mbeu.
Ndinapinda dzanja la malaya,
ndinawaonetsa kachipsera ka paphewa:
aka n'ka chaka cha nkhondo,
ndipo kwathu ana alipo asanu,
fizi yokha ikundidyetsa luni.
Anaseka mpaka ufa kuwatayikira.
Koma sanabwere.
Ndinafuna kuwauza kuti mpanda wa dimba
ukathothoka bango limodzi
mbuzi sifunsa kuti mzere uwu ngwa yani.
Mawuwo anandibwerera ndili kale panjira.

Abwera dzana, tambala asanalire,
opanda nsapato,
mwana atamukulunga m'jekete,
thupi lili juu ngati mbaula.
Sitinakumbutsane za kuchigayo.
Ndinawapatsa mpando wanga
ndipo ndinalemba: khumi ndi asanu ndi atatu.

Lero bwalo ladzaza.
Maambulera, zidebe, agalu otsatira eni ake,
mzere wakhota mpaka kuseri kwa thanki.
Anamwino a Felizarda sanamwe n'tiyi yemwe,
akutsegula botolo, akupukuta mkono,
akunama mokoma kuti sizipweteka.
Mwana aliyense akulira kulira kwake,
wina mokwiya, wina modabwa,
wina asanabayidwe n'komwe.
Mumve bwino kuliraku:
kuli ndi mphamvu, kumatha ndi bere.
Kulira kumene ndimakuopa ine
ndi kuja kopanda mawu kwa m'chipinda chachiwiri.

Ndikuchonga, ndikuchonga,
chala chapakati chatupa.
Masamba aja ndikuwabwerera limodzi limodzi
monga munthu wopakiza mbeu pamene sipanamere.
Mayina atatu sanayankhe.
Awiri akuti anasamukira ku Moatize, kumalasha.
Lachitatu amake angondiyang'ana,
kumsana kuli mbeleko yopanda kanthu,
ndipo bokosi limenelo
sindikudziwa cholembamo.

Mwezi utha Lachinayi.
Pensulo ndasongola kale, ili m'thumba.
Kadontho kadzagwa pamene kadzagwe.
Usiku uno ndikamvetsera kaye firiji
ngati ikung'ung'udza.