Sewero la M'makutu

Basi yomaliza ya ku Bradford,
magalasi achita thukuta,
ine mahedifoni m'makutu.

Mayi wa m'seweromo analowa m'wotchi yaikulu ya pakhoma
n'kukagwera m'chaka chomwe amayi ake anali asanabadwe.
Chitseko chinalira bwino, ndivomere,
kwiii,
mpaka ndinacheuka
kuyang'ana mpando wopanda munthu kumbuyo kwanga.
Mapazi pa matabwa.
Mpweya wa wina amene sakuyankhula.
Apo anandipeza, thupi lonse tsembwe.

Koma mzukwa utayamba kudzifotokoza,
ndine uje, ndinafa mwakutimwakuti,
mantha anga anatsikira pa siteji ya Manningham.
Choopsa chenicheni sichitchula dzina lake.
Nyimbo zija nazonso, abale,
kukwirira mawu ngati mvula pa malata.

Komabe ndinamvera mpaka kumapeto.
M'mawa ndikasambitsa Bambo Hargreaves,
amene amandifunsa ngati sitima ya 1958 yafika,
n'kunditchula dzina la mlongo wawo.
Iwo amadumpha zaka popanda wotchi,
popanda nyimbo yochenjeza.
Ine ndimangoima ndi thaulo m'manja,
madzi akuzizira m'beseni,
kudikira kuti abwerere.